Sefa Yofiira ya Saulosi

Saulosi wa ku Ntengo-Wambalame sanabadwire m'nyumba. Mayi ake anamubereka m'mbali mwa njira, chaka chimene anthu ankathawa nkhondo kulowera ku Ntcheu, ndipo mchombo wake utagwa anaukwirira pamalo pamene palibe akupakumbuka lero. Anthu a kwawo amati vuto lonse linayambira pamenepo. Munthu amene mchombo wake uli panjira ungamuuze bwanji kuti akhale pansi? Kumsasa wa othawa nkhondo ankasowa m'mawa n'kukapezeka madzulo kumsika wa eni dziko. Atabwerera kumudzi nkhondo itatha, sukulu inamukanika, osati chifukwa cha mutu koma chifukwa cha benchi. Pamaliro ndiye munthu wabwino kwambiri, pakuti uthenga amayenda nawo ndi iye, matabwa a bokosi amakatenga ndi iye, koma musayembekeze kuti akhala nanu pasiwa mpaka nyimbo zithe.

Chimene chinamupulumutsa kuti asatchedwe wamisala ndi galimoto. Anayamba ndi kukweza katundu pa machapa, maminibasi a ku Tete, kenako anaphunzira chiwongolero, ndipo pomaliza iye ndi mkulu wake Clemente anagula karinya, galimoto yoyera ya dizilo yotsegula kumbuyo, imene inali itatopa kale m'manja mwa eni ake angapo. Clemente anakwatira ku Macanga, kufupi ndi Furancungo, ndipo amalima fodya. Gawo lalikulu la galimotoyo linali lake, choncho mawu omaliza analinso ake. Iyeyo ndi munthu wina. Pothawa nkhondo anali wamkulu kale, ulendo wonse anayenda ndi mapazi ake atasenza mkeka ndi mphika, ndipo kuyambira pamenepo msewu amauona ngati mdani. Ana a bere limodzi, wina sakhala, wina sanyamuka.

Ntchito ya Saulosi inali kutola matumba a kachewere m'madimba a kuchigwa n'kukawatula ku msewu wa tala, kumene malole a ku Tete amadikira. Pakati pa madimba ndi tala pali chitunda cha Kaphande, chachitali, chokhota pakati, ndipo galimoto yake ikadzaza sinkachikwera. Inkafika pokhota paja n'kuyamba kutsokomola, kunjenjemera, basi yaima. Choncho ulendo uliwonse ankatsitsa theka la matumba m'munsi, kukwera ndi theka, kutula pamwamba, kubwerera, kukweza otsala, kukweranso, n'kulongedza onse pamodzi. Mkazi wake Edina ankatsala m'munsi kulondera matumba, uku akusenda nyemba pachitenje. Munthu wina akanazolowera. Saulosi zinkamudya mtima, makamaka njinga zamoto zikamamudutsa zitasenza matumba awiriawiri, eni ake akuliza hutala ngati akupereka moni.

Clemente anadzaona zimenezi ndi maso ake atamaliza kumanga fodya. Anakhala pamwala m'munsi mwa Kaphande, manja pamawondo, kuonerera mphwake akusenza thumba lomwelomwelo kachitatu. Sanamuthandize.

"Mphwanga, iyi si ntchito, ndi chilango," anatero pomaliza. "Kwathu kuja azimayi akuyenda mtunda wautali chimanga chili pamutu, kufuna chigayo. Tigulitse karinyayi, tigule chigayo, ukakhale pamenepo iwe."

"Ndikakhale, achimwene?"

"Ukakhale. Matako anawalengera zimenezo."

Saulosi anayankhula zambiri tsiku limenelo, zina zomveka, zina zopanda mutu. Anatchula matayala amene anali atangosintha, anatchula alimi amene amamudalira, anatchula ngakhale malemu bambo awo amene sanaione n'komwe galimotoyo. Clemente anamvetsera zonse, chifukwa si munthu woipa, kenako anadula nkhani. Mvula yoyamba ikadzagwa galimoto ikukwerabe Kaphande kawiri, igulitsidwa. Ikadzakhala ikukwera kamodzi itadzaza, za chigayo sadzazitchulanso.

Mantha anamugwira Saulosi, mantha enieni. Zigayo ankazidziwa. Makoma anayi, kazenera kamodzi, munthu mbuu ndi ufa mpaka m'nsidze, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa akuona khoma lomwelo. Akaganiza zimenezi ankadzuka kukazungulira galimoto, kugogoda matayala amene anawagogoda kale. Edina ankamuyang'ana ali yakaliyakali pabwalo n'kumuuza kuti akulowetsa nkhuku chizungulire.

Mwezi wa Juni anatsika ku Tete kukafuna mankhwala a vuto lakelo, ngakhale sankadziwa kuti amaoneka bwanji. Anayenda m'masitolo a zitsulo za galimoto mmodzimmodzi, kufotokoza za Kaphande kwa anthu amene sanamvepo dzinalo. Ena anamuuza za pampu, ena anati agule injini ina, ena anangoseka. M'sitolo ina yaing'ono anaiona ili pashelefu yokha: sefa ya mpweya yofiira psuu, yosongoka ngati chisoti, yamizeremizere, kukamwa kwake kuli chitsulo chonyezimira. Wogulitsa anali munthu wa pakamwa pofewa, ndipo anaona msanga kumene maso a mlendoyu agwera.

"Motolo, injiniyo, ndi munthu, patirau, bwana wanga," anatero wogulitsayo. "Imafuna kupuma. Filitulu, sefa yapepala muli nayoyo, ili ngati kuthamanga mutamanga nsalu kukamwa. Iyi mpweya umangolowa, mphamvu n'kukwera. Ndipo simudzagulanso ina. Ikada mumangochapa."

Anamuonetsanso pafoni magalimoto akubangula pamsewu wosalala wa dziko lina. Saulosi sanafune umboni wina. Wogulitsa anatembenuka kutenga kabotolo kena kamene amagulitsa padera, n'kuyamba kufotokoza ntchito yake, koma Saulosi anali kale pakhomo, katoni kukhwapa, akuganiza za chapa yobwerera. Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu, koma uyu sanafike n'pofunsa pomwe, anangolephera kuima.

Woika sefayo anali mesitiri Inácio, makaniko wa pa Ntengo-Wambalame, amene amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa bulugamu kuseri kwa msika. Anaitembenuza m'manja, kuinunkhiza, n'kuibwezera m'katoni.

"Izi ndi za magalimoto a pa tala, a Saulosi. Za ana a mabwana."

"Funso langa ndi limodzi, mesitiri. Imawonjezera mphamvu kapena ayi?"

"Phokoso imawonjezera ndithu. Mphamvu, kaya. Pa karinya yokalamba ngati iyi simungaimve. Bwanji tiike yapepala yatsopano, tione kaye?"

Saulosi anakana. Yapepala anali nayo kale, ndipo ndi imene inkamukwezetsa Kaphande kawiri. Inácio anapukusa mutu, anamasula bokosi lakuda limene sefa yakale inkakhalamo, n'kuisolola. Inali yolemera ndi fumbi la zaka, yolimba ngati njerwa, pakuti chigulireni galimoto Saulosi ankangoimenyetsa patayala n'kuibwezera. Sanaiyang'ane n'komwe ikuponyedwa m'dzenje. Maso ake anali pa yofiira ija, imene Inácio anaimanga kupaipi ndi lamba wachitsulo, ili poyera popanda bokosi.

Ataliza injini, anthu a mumsika anatembenuka. Galimoto imene inkalira ngati nkhalamba yodandaula tsopano inkabuma kuchokera pansi pamimba, ndipo akaponda mafuta kunkamveka kukoka kwa mpweya, fyoo, kenako kubangula. Saulosi anaseka mpaka misozi. Anazungulira msika kawiri popanda chifukwa, n'kukatenga amayi ena amene ankangopita kumjigo.

M'mawa mwake kunali chifunga ndi kamvula ka mawawa, kuzizira kolasa m'mafupa. Anadzaza matumba mpaka pamwamba. Atafika m'munsi mwa Kaphande, Edina anatsegula chitseko kuti atsike monga mwa masiku onse.

"Khala momwemo, make Ivo."

"Nanga matumba alondera ndani, bambo a Ivo?"

"Lero sititsitsa."

Anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti atenge liwiro, n'kuponda. Galimoto inabangula, inakwera, inafika pokhota paja, inanjenjemera, Edina anagwira chitseko ndi manja awiri akutchula dzina la Maria, ndipo inapitirira. Pang'onopang'ono, mwa ulesi, koma inapitirira mpaka pamwamba. Saulosi anatsika n'kupsompsona boneti. Chimwemwe chake tsiku limenelo chinali chachikulu kuposa cha tsiku la ukwati wake, ndipo Edina, amene analipo pa masiku onse awiri, amavomereza.

Odziwa za injini akanamuuza kuti sefa iliyonse yatsopano, ngakhale yapepala yotchipa, ikanachita chimodzimodzi itachotsa njerwa ija. Akanamuuzanso kuti mpweya wozizira wa Juni umaipatsa injini mphamvu, ndi kuti mawawa anali atagwira dothi matayala osaterereka pafumbi. Inácio anayesa kunenako chimodzi mwa izi. Koma ungamuuze chiyani munthu amene wakwera Kaphande kamodzi? Saulosi anaimbira foni Clemente ali pamwamba pomwepo, n'kuika foniyo pafupi ndi injini, akuponda mafuta ndi phazi limodzi.

"Mwamva, achimwene?"

"Ndamva phokoso," anatero Clemente. "Mvula sinagwe."

Masabata otsatira anali abwino kwambiri pa moyo wa Saulosi. Ankapita maulendo ambiri patsiku, alimi ankamulimbirana, a njinga zamoto analeka kuliza hutala. Edina anabwerera kudimba kwake. Madalaivala anzake ankabwera kudzasuzumira m'boneti, iye n'kumawafotokozera za nsalu yomanga kukamwa ngati nzeruyo anaitulukira yekha.

Kenako Ogasiti anafika ndi mphepo yake. Amene sanayendepo misewu ya ku Tsangano nyengo imeneyo sadziwa fumbi. Limakhala lofiira, losalala ngati ufa, lofika m'akakolo, ndipo galimoto ikadutsa limaima koboo mpaka ina itabwera kudzaliwonjezera. Sefa yofiira ija inasanduka yakhaki. Saulosi anakumbukira mawu a wogulitsa, akuti ikada mumangochapa, ndipo Loweruka lina anaimasula n'kupita nayo kumtsinje kumene azimayi amachapira.

Kwathu kuno kuchapa ndi kuchapa. Chinthu sichiyera chifukwa wachiviika m'madzi. Umapaka sopo, umakwecha, umamenyetsa pamwala, umatsukuluza mpaka madzi atuluke oyera. Saulosi anabwereka sopo wa mtanda kwa mayi wina, anatola chitsononkho, n'kukhala pamwala kukwecha mzere uliwonse. Madzi anayamba kutuluka akhaki, kenako ofiira, ndipo iye anapitiriza mpaka kufiira konse kutatha. Azimayi anamuzungulira.

"A Saulosi, malaya anu amachapa ndi a Edina, koma chisoti cha galimoto mwabwera nokha?"

"Mwachisulutsa chinthu chokongola," anatero wina. "Chayera ngati chigamba."

"Kuyerako ndiye ukhondo," anatero Saulosi. Anaiyanika pathanthwe, ndipo itauma anaiimika kudzuwa n'kusuzumira m'kati. Kuwala kunkadutsa m'timabowo tambirimbiri. Mtima wake unakhala pansi, pakuti podutsa kuwala mpweya sungavutike. Ataibwezera, injini inabangula kuposa kale. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankapezeka kumtsinje ndi chitsononkho chake.

Zizindikiro zinayamba mwakachetechete. M'mawa injini inkazengereza kudzuka. Oyilo ankatha msanga, ndipo kumbuyo kunayamba kutuluka utsi wobiriwira umene unkatsalira m'njira. Pa Kaphande galimoto inkakwerabe, koma pokhota paja kunjenjemera kunkatalika tsiku ndi tsiku. Saulosi anaganiza kuti sefa yada, nayamba kuchapa kawiri pasabata. Kenako anayamba kusiya thumba limodzi kudimba, mawa awiri, n'kumauza alimi kuti akusunga matayala. Kwa Inácio sankapita, ndipo ankadutsa njira ya kuseri kwa sukulu kuti makanikoyo asaone utsi.

Edina anaona zonse. Tsiku lina akumupatsa madzi osamba m'manja anamufunsa mosazungulira.

"Bambo a Ivo, karinya ikudwala, si choncho?"

"Ikumva kutentha basi. Ngakhale iwe Okutobala amakufooketsa."

"Ine sinditulutsa utsi."

Saulosi anadya ataimirira, monga amachitira zinthu zikamuvuta, n'kutuluka kukayang'ana kumwamba. Mudzi wonse unkayang'ana kumwamba masiku amenewo, minda itagaulidwa, mbewu zili m'nyumba, anthu akupempha mvula m'tchalitchi. Saulosi yekha ndiye ankapempha kuti ichedwe. Akaona kamtambo kumapiri a kum'mawa ankapemphera kuti kapitirire, ndipo ankachita manyazi ndi pemphero lakelo, koma sankalisiya.

Clemente anafika mitambo itayamba kuda, kunja kuli thukuta lokhalokha. Anati safuna za pafoni, akwera yekha. Anaimirira kudimba kuonetsetsa kuti matumba adzaza monga mwa pangano, ndipo pamene Saulosi anafuna kutseka, iye analoza awiri amene anatsala pamzere. Edina anati apita nawo, sananene chifukwa. Anakhala kumbuyo pamwamba pa matumba.

M'munsi mwa Kaphande Saulosi anabwerera m'mbuyo kutali kuposa masiku onse. Anaponda mafuta mpaka pansi. Phokoso linali loopsa, mbuzi zinabalalika, ndipo kwa kanthawi iye mwini anakhulupirira. Galimoto inakwera, inafika pokhota, inanjenjemera. Anatsitsa giya. Inanjenjemerabe. Anayankhula nayo, anaitchula mayi, anagwedeza thupi lake kutsogolo ngati angaikankhe ali m'kati. Utsi unalowa m'mazenera, injini inagogoda kawiri katatu n'kukhala zii. Galimoto inayamba kutsetsereka chafutambuyo, mabuleki akulira, mpaka inagunda china chake n'kuima. Edina anali atadumpha kale n'kuika mwala kuseri kwa tayala.

Clemente anatsika, anavula jekete, n'kuyamba kutsitsa matumba. Kumuona mkulu wake akusenza matumbawo kunamupweteka Saulosi kuposa mawu alionse amene akananena.

Anaikoka ndi thirakitala mpaka pansi pa bulugamu wa Inácio. Makanikoyo anamasula sefa, anapisa chala m'paipi yopita ku injini, n'kuchitulutsa chili chofiira ndi dothi. Kenako anaiyang'ana sefayo, yotuwa, yonyozoka m'mizere.

"Kufiira kuja kunapita kuti?"

"Ndinachapa."

"Kufiira kuja anali mafuta, a Saulosi. Ndi amene amagwira fumbi. Mukachapa mumayenera kupakanso, amagulitsa m'kabotolo. Popanda mafuta iyi ndi neti ya udzudzu." Anapukuta chala pa ovolosi. "Motolo yanu yadya msewu wonse wa kudimba. M'kati mwakwecheka. Ndikhoza kuikonza kuti izilira, izizungulira bwinobwino pamalo amodzi. Koma zokoka katundu pachitunda, iwalani."

Mvula yoyamba inagwa sabata yomweyo, yamphamvu, yonunkhira dothi. Anthu anatuluka ndi makasu akusekerera. Saulosi anakhala m'galimoto yakufayo pansi pa bulugamu, manja pachiwongolero, akuona madzi akutsika pagalasi.

Ogula anabwera, koma aliyense akamva za injini ankabwerera. Pomaliza munthu wina wa ku Ulongwe anatenga thupi la galimoto ndi matayala ake, nati injiniyo musunge, ali nayo yake. Clemente, amene sataya kanthu ngakhale msomali wopindika, anaganiza usiku umodzi n'kunena kuti ndiye bwino, chigayo agula chopanda injini.

Ndi mmene zilili lero. Mukapita ku Macanga, musanafike pa Furancungo, pali kanyumba ka njerwa zosawotcha kofoleredwa ndi malata, ndipo m'kati mwake injini ya karinya ija yamangidwa ndi mabawuti pa simenti, lamba akuchoka pa iyo kupita kuchigayo. Inácio anaiika sefa yapepala m'bokosi lake lakale, ndipo phokoso lija linatha, inabwerera kudandaula kwake. Azimayi a kumeneko amadalitsa Clemente tsiku lililonse. Edina anatsala ku Ntengo-Wambalame ndi ana ndi dimba lake, ndipo Saulosi amapita kukawaona pakutha pa mwezi, atapanikizidwa kumbuyo kwa chapa, akuuza dalaivala mumtima kuti wachedwa kusintha giya.

Masiku ena onse amakhala pampando wa thabwa pambali pa injini, mbuu mpaka m'nsidze. Clemente akabwera n'kumufunsa ngati wazolowera, amayankha kuti ikukoka bwino, achimwene. Sadandaula, sanenanso za sefa, ndipo wina akamufunsa ngati zofiira zija zimawonjezera mphamvu amangoti afunse a Inácio. Koma mayi akathira chimanga chambiri nthawi imodzi, injini n'kulemedwa, liwu lake n'kutsika, dzanja lamanzere la Saulosi limanyamuka lokha kufuna giya, ndipo phazi lamanja limaponda pansi mwamphamvu mpaka injiniyo itapepukidwa. Poyamba azimayi ankagwirana n'kumaseka. Tsopano analeka, amangoyang'ana kumbali. Pansi m'chigayomo ndi pa dothi lozira, ndipo pamene pamakhala phazi lakelo pakumbika kale kadzenje.